Mlandu anauthetsa, koma nyumba inali itapita kale

Amayi anga ndi achemwali anga a patsamba lino, lero ndalemba zazitali, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono mundikhululukire. Nkhani yake ndi ya nyimbo. Eya, nyimbo, ndiponso ya mzungu wa ku America, woimba zija amati alternative rock, zimene ambiri kuno sitizimvera n'komwe. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kufunsa kuti nanga ife zikutikhudza pati. Pirirani nane pang'ono.

Woimbayo ndi Fiona Apple, ndipo nyimbo yake ndi "Pretrial (Let Her Go Home)". Inatuluka pamodzi ndi vidiyo yake mu Meyi 2025, kutatsala masiku ochepa kuti ku America akumbukire Tsiku la Anakubala, limene kwawoko limakhala Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Meyi, osati pa 15 Okutobala ngati kuno. Liwu loyamba la mutuwo likunena za nthawi imene munthu amakhala m'ndende mlandu wake usanazengedwe, chimene ife timati rimandi. Mbali yachiwiriyo ndi pempho loti mayiyo amutaye azipita kwawo.

Nyimboyo ilibe zokometsera zambiri. Kwakukulu ndi ng'oma ndi mawu a woimbayo basi, ndipo imayenda ngati munthu amene akukufotokozera nkhani ali wokwiya koma akudzigwira. Nkhani yake ndi ya mayi mmodzi. Amumanga, bwalo silinamupeze wolakwa pa chilichonse, koma ndalama ya belo alibe. Ana ake atsala ndi agogo awo. Agogowo adwala, ana ayamba kujomba kusukulu, a boma oyang'anira za ana alowererapo n'kuwatenga. Lendi sikulipidwa. Tsiku la mlandu litafika, mboni yokhayo, wapolisi amene anamumanga uja, sakubwera n'komwe kukhoti, ndipo mlandu uthera pomwepo. Mayi uja atuluka. Koma apita kuti? Nyumba ija kulibenso.

Pamenepa ndi pamene nyimboyi inandigwira pakhosi. Papepala, mayi ameneyu wapambana, palibe woweruza amene wamupatsa chilango. Komatu chilango walandira kale chonse, ndipo palibe amene adzamubwezere ngakhale tsiku limodzi.

Vidiyo yake ndi imene yandichititsa kulemba. Anaipanga ndi zithunzi komanso timavidiyo ta pafoni timene anapereka ndi amayi enieni amene anakhalapo pa rimandi ku America. Si anthu ochita sewero ayi. Mukuwaona ali ndi ana awo, ali panyumba, akusangalala ndi abale, zithunzi zangati zimene nonsenu muli nazo mufoni mwanumo. Ganizirani mmene munthu womangidwa amaonekera pa nkhani za pa TV kapena pa Facebook: chithunzi cha kupolisi, nkhope yotupa ndi kulira, tsitsi losapesa, pansi pake anthu akuthirapo ndemanga zonyoza. Vidiyo iyi yakana zimenezo. Amayiwo anasankha okha mmene akufuna kuti dziko liwaone, ndipo anasankha masiku amene anali mfulu. Ukamaonera, suona "oganiziridwa mlandu". Umaona zinthu zimene rimandi imalanda.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndikuchitenga chachikulu chimenechi, muyenera kudziwa kumene Fiona Apple wachokera. Anabadwa mu 1977 ku New York, ndipo chimbale chake choyamba, Tidal, chinatuluka mu 1996 iye ali mtsikana. Nyimbo imene inamutchukitsa kwambiri ndi "Criminal", ndipo vidiyo yake, imene anaitsogolera ndi bambo wotchedwa Mark Romanek, inatuluka mu 1997 iye ali ndi zaka 19. M'vidiyo imeneyo kamera imangomuzungulira ali m'zovala zamkati, m'nyumba yooneka ngati mwachitika phwando usiku wonse. Nyimboyo inamupezetsa mphoto ya Grammy mu 1998, koma zimene anthu ankakambirana kwambiri ndi thupi lake: kuonda kwake, kuvula kwake, ngati ndi mwana wosokonekera mutu. Iye anali atanena poyera kuti anagwiriridwa ali ndi zaka 12, ndiponso anafotokoza kuti vuto lake la kadyedwe linachokera pamenepo. Dziko linamva zimenezo n'kupitirizabe kuyang'ana nthiti zake.

Ndiye taonani. Mtsikana amene dziko linamudziwa akudzitchula wolakwa m'nyimbo, kamera ikumudya ndi maso, patapita zaka 28 watulutsa vidiyo imene kamera yaloza amayi amene boma likuwatchula olakwa mlandu usanazengedwe, ndipo amayiwo ndi amene agwira kamerayo. Ine sindikuona ngati zimenezi zangochitika. Munthu amene anadziwa kuwawa kwa kuyang'anidwa popanda kumvedwa ndi amene angaganize zopanga vidiyo yotere.

Tsopano funso limene mnzanga wina anandifunsa nditamutumizira nyimboyi, ndipo ndi funso labwino. Anati, "Iwe, si zomwezija izi? Mzungu wotchuka akuimba za mavuto a amayi akuda, iye n'kutenga ulemu?" Ndinakhala kaye chete, chifukwa zimenezo tazionapo kambirimbiri, ngakhale kuno: munthu abwera ndi kamera, ajambula ana athu ali mbuu ndi fumbi, abwerera kwawo, ife osamvanso za iye. Koma pa nkhani iyi pali kusiyana kumene sindingakubise. Fiona Apple sanadzuke tsiku limodzi n'kulemba nyimbo atawerenga nyuzipepala. Kwa zaka zopitirira ziwiri anali mmodzi mwa anthu odzipereka a gulu la Courtwatch PG, limene limatsatira zochitika m'makhoti a ku Prince George's County m'chigawo cha Maryland. Ntchito yawo ndi yosasangalatsa ngakhale pang'ono: kumvetsera milandu ya belo, umodzi pambuyo pa unzake, n'kumalemba zimene woweruza wanena, zimene wozenga mlandu wapempha, ngati womangidwayo wapatsidwa mpata wolankhula. Iye ankamvetsera pa intaneti ali kwawo, ndipo akuti analemba manotsi a milandu ya belo masauzande. Pamene panali nkhani yoti makhoti a ku Maryland asiye kulola anthu kumvetsera pa intaneti mliri wa Covid-19 utachepa, iye anali mmodzi mwa amene analimbana nazo poyera. Ndipo gululo si lake. Linayambitsidwa ndi kutsogoleredwa ndi amayi akuda amene anakhalapo m'ndende, a bungwe la Life After Release, monga Qiana Johnson ndi Carmen Johnson. Iye analowa ngati wophunzira, n'kumapatsidwa zochita ngati wina aliyense.

Kodi zimenezi zikuchotsa vuto lonse? Ayi. Ndi zoona ndithu kuti amayi akuda a ku America akhala akunena zimenezi kwa zaka, ndipo kuyambira mu 2017 pakhala kampeni yosonkha ndalama zotulutsira amayi akuda pa belo Tsiku la Anakubala lisanafike, koma manyuzipepala a nyimbo sanathamangire kukalemba. Pafunika dzina lotchuka kuti ena atchere khutu, ndipo zimenezo n'zowawa. Ngakhale ine pano ndikulemba chifukwa cha woimba, eti? Koma ngati munthu ali ndi dzina, ndimakonda alitenge n'kukakhala nalo pabenchi ya kumbuyo kwa khoti zaka ziwiri kusiyana ndi kungoika chithunzi chakuda pa Instagram tsiku limodzi.

Mmene belo imayendera ku America n'zodabwitsa kwa munthu amene amaganiza kuti kumeneko zonse zili bwino. M'zigawo zambiri, woweruza amatchula ndalama, ndipo ukailipira umakadikira mlandu uli kunyumba. Ukalephera, ukhala mkati. Pa milandu ikuluikulu, belo ya pakatikati imakhala pafupifupi madola 10,000. Bungwe lofufuza za ndende la Prison Policy Initiative linapeza kuti amayi amene amalephera kulipira belo amapeza pafupifupi madola 11,000 pachaka. Ndiye kuti akukuuza kuti upereke ndalama ya chaka chathunthu, lero lomwe, uli m'chitokosi. Pali makampani amene amachita bizinesi pa vuto lomweli: amakulipirira belo, iwe n'kuwapatsa gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalamayo, ndipo imeneyo siibwerera ngakhale mlandu utathetsedwa. Bungwe lomwelo linawerengera mu 2024 kuti amayi ndi atsikana pafupifupi 190,000 ali m'ndende ku America, ndipo mwa amayi amene ali m'ndende za m'maboma ang'onoang'ono, oposa theka sanapezeke olakwa. Ambiri mwa iwo ndi anakubala.

Ena mukukumbukira dzina la Sandra Bland. Anali ndi zaka 28 pamene wapolisi anamuimitsa ku Texas mu Julaye 2015 chifukwa chosayatsa indiketa posintha mbali ya msewu. Anakangana, anamumanga, belo inaikidwa pa madola 5,000, ndipo abale ake ankafunika kupeza pafupifupi 500 kuti kampani ya belo imutulutse. Patapita masiku atatu anamupeza atafa m'chitokosi. Masiku atatu okha. Aliyense amene amati "akhale kaye mkati, ngati ndi wosalakwa adzatuluka" aganizire zimenezo.

Pano ndiye ndifike pamene pavuta, chifukwa ndikadumpha ndikhala wachinyengo. Patsamba lino, ine ndemwe ndalembapo kangapo kuti "asapatsidwe belo ameneyo". Bambo akagwirira mwana, mwamuna akakhapa mkazi wake, timakwiya tikamva kuti watuluka ndipo akuyendayenda m'mudzi momwemo muli wochitiridwa nkhanzayo. Mkwiyo umenewo ndi woyenera ndipo sindikuubweza. Nanga ndingaimbire bwanji m'manja nyimbo yonena kuti anthu azituluka mlandu usanazengedwe?

Ndaganiza za izi masiku angapo, ndipo pamene ndaima ndi apa. Pali mafunso awiri amene timawaphatikiza ngati ndi limodzi. Loyamba ndi lakuti, munthu ameneyu akatuluka, pali amene moyo wake uli pachiswe, kapena athawa, kapena akaopseza mboni? Lachiwiri ndi lakuti, munthu ameneyu ali ndi ndalama? Belo ya ndalama imayankha lachiwirilo n'kumanamizira kuti yayankha loyamba. Ndipo amene imamupweteka kawiri ndi mayi. Mwamuna wankhanza wa ndalama zake amalipira masana omwewo n'kubwerera kunyumba kumene kuli mkazi amene anakamunenera. Mayi wosauka amene wagwidwa pa mlandu waung'ono amakhala mkati milungu. Ndalama sidziwa kuti woopsa ndi uti.

Si maganizo anga ndekha amenewa. Mu Seputembala 2023 chigawo cha Illinois chinakhala choyamba ku America kuthetseratu belo ya ndalama. Sikuti tsopano aliyense amangotuluka ayi: pa milandu yoopsa, kuphatikizapo nkhanza za m'banja ndi kugwiririra, wozenga mlandu angathe kupempha kuti munthuyo asungidwe, ndipo woweruza amamva mbali zonse n'kugamula poona chiopsezo. Chimene chinandichititsa chidwi n'chakuti mabungwe ena a ku Chicago othandiza amayi ochitiridwa nkhanza anali kumbuyo kwa lamulo limeneli, chifukwa anali atatopa kuona ankhanza akugula ufulu.

Komanso tisanamizane kuti kusintha lamulo ndiye kuti zatha. Ku Maryland komwe Fiona Apple ankamvetsera milandu, mu 2017 anakhazikitsa lamulo loletsa oweruza kutchula belo imene munthu sangakwanitse. Belo ya ndalama inachepadi, koma chiwerengero cha anthu amene ankangowakaniza belo kotheratu chinakwera. Khomo limodzi litatsekedwa, anapeza lina. N'chifukwa chake amayi aja anaona kuti pafunika anthu okhala m'khoti tsiku ndi tsiku, kuona ndi maso zimene lamulo lokongolalo likusanduka likafika pakamwa pa woweruza amene ali ndi mafayilo ambirimbiri patebulo ndipo akufuna kuweruka.

Nkhaniyi ndi ya ku America ndipo sindikufuna kuikokera kuno mokakamiza. Ife tilibe makampani a belo, ndipo mbiri ya tsankho la khungu imene ili pansi pa ndende zawo ndi yawo. Koma mawu oti rimandi si achilendo kwa aliyense amene akuwerenga pano. Malamulo athu papepala ndi abwino kuposa mmene ambiri timadziwira. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti ali ndi ufulu wotulutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Palinso malire a masiku amene munthu angakhale pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu ngati yakupha. Koma ndi angati mwa amayi a mu msika mwathu amene amadziwa zimenezi? Ndipo amene akudziwa, akamanena ali m'chitokosi, amamumvera ndani?

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Chaka china, mayi wina wa m'gulu lathu la banki mkhonde, wogulitsa tomato ndi anyezi, anakangana ndi mnzake pa nkhani ya ngongole mpaka kugwirana malaya. Mnzakeyo anakanena kupolisi, ndipo anamutenga Lachisanu madzulo. Ine ndinamva patatha masiku asanu, chifukwa abale ake ankabisa, poti kumangidwa kwa mayi ndi manyazi a mtundu wonse. Kukhoti anamupatsa belo ya ndalama ndiponso anafuna anthu awiri omuimira. Ndalamayo kwa ena a inu ndi ya salon ndi bandulo, koma kwa iye inali mpamba wonse. Mmene abale ankaisonkha, n'kuti mpamba weniweniwo ukutha ndi thiransipoti yokamuona ndi kumuperekera chakudya. Mwana wake wamkazi wa Sitandade 7 anasiya kupita kusukulu kuti aziphikira ang'ono ake. Anatuluka patatha pafupifupi milungu itatu. Wodandaula uja, mkwiyo utatha, sanapitenso kukhoti, ndipo nkhani inazilala choncho.

Chimene sindiiwala ndi tsiku limene ndinapita kukhotiko. Ine wa digiri yanga, wolankhula za ufulu m'misonkhano, ndinafika pakhomo n'kuima, osadziwa ngati munthu wamba amaloledwa kulowa. Ndinachita kufunsa mlonda kuti, "Bambo, kodi ndingalowe?" Anandiyang'ana modabwa n'kuti, "Lowani, bola muzimitse foni." Mkatimo, mayi uja atandiona pabenchi, anangogwedeza mutu pang'ono. Pambuyo pake anandiuza kuti, "Mwana wanga, nditakuona ndinadziwa kuti sanditaya." Palibe chimene ndinachita tsiku limenelo, sindine loya, sindinalankhule liwu. Ndinangokhala. Benchi yake ya mumsika anaipeza atapatsa wina, ndipo mpaka lero pali ena amene akayambana naye amamutchula "wa kundende".

N'chifukwa chake vidiyo ya Fiona Apple sindinaione ngati ya kutali. Zithunzi zimene amayi aja anapereka ndi zomwe mayi wathuyu akanapereka: ali pa chinkhoswe cha m'bale wake, wanyamula mwana, ali pabenchi yake tomato atamuunjika bwinobwino.

Monga nyimbo, si imene mungaike pa ukwati kapena m'minibasi. Imabwereza mawu omwewo mpaka kufika pokutopetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti n'dala, chifukwa kudikira mlandu ndi kotero: tsiku lomwelo, yankho lomwelo, "bwerani sabata yamawa". Amene munazolowera piyano ndi ndakatulo zozungulira za m'zimbale zake zakale, kapena Fetch the Bolt Cutters ya mu 2020 imene inapata Grammy, mwina mudzaona ngati iyi yalunjika kwambiri, ngati chikwangwani cha pa zionetsero. Ine poyamba ndinaganiza choncho. Nditaimveranso ndinaona kuti ikumveka ngati manotsi a munthu amene wamva nkhani imodzimodziyo kambirimbiri, mayina okha ndi amene amasintha, ndipo waona kuti kuikometsera kungakhale kunama. Dandaulo langa ndi limodzi: mayi wa m'nyimboyo ndi wosalakwa mwa njira yosavuta kumumvera chisoni. Nanga amene anabadi? Amene anatengadi mkaka wa mwana m'shopu, kapena anamenyadi mnzake ngati mayi wa tomato uja? Nayenso sayenera kutaya ana ndi nyumba woweruza asanamve mbali yake, ndipo ameneyo ndi amene ife omenyera ufulu timachedwa kumuimira chifukwa nkhani yake siioneka bwino pa positala.

Kuno alipo kale amene akugwira ntchito imeneyi. A PASI akhala akulowa m'ndende kuyambira cha m'ma 2000, kuphunzitsa a pa rimandi mmene angapemphere belo okha ndiponso kuthandiza kuti amajisitireti azipita kundende komweko kukaunika milandu imene yakhalitsa. A Legal Aid Bureau aliponso, ngakhale maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo. Chimene sindichiona kawirikawiri ndi ife, amayi wamba, titakhala pabenchi ndi kope ndi cholembera. Milandu yambiri ya akuluakulu imazengedwa poyera, aliyense angalowe, kupatula pamene khoti lalamula kuti anthu atuluke, monga pa milandu yokhudza ana. Timadzaza khoti pakakhala mlandu umene watchuka pa Facebook, titavala zakuda, ndipo n'zabwino. Koma Lolemba m'mawa, pamene akubweretsa amene agona m'chitokosi kuyambira Lachisanu, mabenchi a kumbuyo amakhala ndi abale awiri atatu amene sakumva n'komwe zimene zikunenedwa m'Chingerezi womasulira asanafikepo.

Vidiyoyo ili pa YouTube, lembani dzina la woimbayo ndi liwu loti Pretrial. Amene Chingerezi chimakuvutani musadandaule, nkhani yake ndakufotokozerani kale, inu kaonereni nkhopezo. Ine Lolemba likubwerali ndikakhala kukhoti la majisitireti la kwathu kuno kuyambira 8 koloko, ndipo ndikalemba zinthu zinayi zokha pa mayi aliyense amene aimitsidwe: wakhala masiku angati asanafike kukhoti, belo aitchula zingati, ali ndi womuimira kapena ayi, ndipo ngati alipo amene wamufunsa kuti ana wawasiya ndi ndani. Mayina sindikalemba. Amene muli ndi mpata m'mawa umenewo ndiuzeni mu inbox, ndipo mubwere ndi cholembera chanu, ine ndili nacho chimodzi.